Maluwa Asanu ndi Anayi a Mayi Piroska

Taganizirani m'mawa wamba wa mwezi wa Juni m'tauni ya Gyoma. Dzuwa latuluka kale ngakhale kuti anthu ambiri sanadzuke, adokowe ali chilili pazisa zawo pamwamba pa mapolo a magetsi, ndipo mumsewu wa kuseri kwa tchalitchi geti lobiriwira likulira potseguka. Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, geti limenelo likalira anthu ankadziwa kuti mayi Piroska Bodnár anyamuka kupita kupositi. Akafika ankayamba ayala makalata patebulo motsata misewu, kenaka motsata manambala a nyumba, n'kuwalongedza m'chikwama chachikopa, ulendo n'kuyambika. Njinga yomwe anawapatsa kuntchito anaikana. Ankati njinga imadutsa makomo mofulumira, munthu sungaone kuti kwa ayani makatani sanatsegulidwe lero. Ana asukulu ankawadikirira pakona chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa masitampa akunja omwe ankapempha kwa eni makalata, koma mwana ankalandira sitampa pokhapokha atatchula likulu la dziko lomwe yachokera. M'tauni monse munalibe galu yemwe iwo sankamudziwa dzina.

Tsiku la nkhani inoyi anali atapuma ntchito zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, koma geti linalirabe m'mamawa. M'malo mwa chikwama cha makalata anali atafukata maluwa a rozi ofiira, odulidwa m'dimba mwawo mame asanakamuke, okulungidwa m'nyuzipepala yonyowa. Anali asanu ndi anayi. Anawawerenga m'dimba, anawawerenganso patebulo, nawawerenga kachitatu ali pageti. Maluwa opita kwa munthu wamoyo sakhala okwana awiriawiri, limodzi limayenera kutsala lopanda linzake. Okwana awiriawiri ndi akumanda, ndipo ngakhale mwana wamng'ono amadziwa zimenezi. M'dzikomo dzina lililonse lili ndi tsiku lake pakalendala, lomwe eni dzinalo amakondwerera ngati tsiku lobadwa. Tsikuli linali la dzina la Jolán, ndipo mayi Piroska ankapita ku Budapest kukagogoda pakhomo pa mnzawo wa dzinalo, yemwe anali atawakhalira chete zaka khumi ndi chimodzi.

Ubwenziwo unayamba kalekale. Mayi Piroska anapita ku Budapest ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kukagwira ntchito pafakitale yoluka nsalu, ndipo m'chipinda chogona atsikana apafakitale anapezamo mabedi atatu. Lina linali la Aranka, mtsikana wamfupi wolongolola, yemwe ankatha kuseka ngakhale akuluakulu apantchito iwo ali pompo. Lina linali la Jolán, wamtali, wosanena chinthu kawiri, wosunga zabwino ndi zoipa zomwe mumtima. Lamlungu lililonse atatuwa ankayenda pansi mzinda wonse, kuwoloka milatho, kukwera zitunda, kusuzumira m'mawindo a masitolo. Wotsogolera anali Jolán. Piroska ankangotsata pambuyo maso ali mwamba, ndipo m'zaka zisanu ndi ziwiri zomwe anakhala mumzindamo sanaphunzirepo njira paokha. Atakwatiwa ndi Imre, wokonza mathirakitala, anasamukira ku Gyoma, koma kalata ya Jolán inkabwera mwezi uliwonse. Ankaipeza okha posankha makalata m'mawa, n'kuiika m'thumba la pachifuwa mpaka atamaliza kugawa za anthu onse.

Kenaka bambo Vilmos, amuna awo a mayi Jolán, anamwalira. Panali patangopita chaka chimodzi mayi Piroska ataika m'manda amuna awo, omwe ankawagwira dzanja maulendo ochepa omwe anabwererapo mumzinda. Patsiku la maliro a bambo Vilmos mayi Piroska anavala zakuda, anapita kusiteshoni, sitima inabwera, inaima, zitseko zinatseguka. Miyendo yomwe inkayenda makilomita khumi tsiku ndi tsiku inakana kukwera masitepe atatu. Anaganiza za chipwirikiti cha kumene sitimayo inkapita, iwo okhaokha wopanda wowatsogolera, ndipo sitima inanyamuka iwo ali chiimire. Manyazi anawaletsa kulemba zoona. Anagula khadi lachipepeso la mawu osindikiza, nasaina dzina pansi pake. Kuyambira pamenepo kalata ya ku Budapest sinabwerenso. Iwo analemba kambirimbiri osayankhidwa, ndipo akaimba foni, mayi Jolán ankangoibwezera pansi akamva mawu awo.

Chomwe chinawadzutsa tsopano chinali foni ya mayi Aranka. Anati mtima wa Jolán wafooka, masitepe satsikanso, ndipo ngati Piroska akufuna kumuona akadali moyo asadikire chaka chamawa. Anawakumbutsanso kuti patsiku la dzina khomo silikanizidwa. Munthu sachita kuitanidwa, ndipo wobwera ndi maluwa sabwezedwa. Linali tsiku limodzi lokha pachaka lomwe mayi Jolán akanakakamizika kutsegula.

Ulendo uno sitima anakwera. Anakhala pafupi ndi khomo maola awiri onse, maluwa ali pamiyendo, osadya kanthu ngakhale anali atatenga buledi ndi soseji. Atatsika pasiteshoni yaikulu ya Keleti ku Budapest, anthu anawakankha kumanja ndi kumanzere, masutikesi a matayala akuwagunda akakolo. Khamu linawatengera pamasitepe oyenda okha omwe amatsikira kusitima zapansi panthaka. Anasuzumira m'dzenjemo, mphepo yofunda inawaomba kumaso, nabwerera chafutambuyo. Anadziuza kuti m'menemo maluwa akaphwanyika. Zoona zake n'zakuti ankadziwa kuti akalowa pansi sakadziwanso kumene dzuwa lili. Anatuluka panja, namanganso zingwe za nsapato zawo zakale zakuntchito.

Anali ndi mapu omwe anagula ali mtsikana, ong'ambika m'mipindo. Sanatenge nthawi kuti aone kuti mapuwo ndi mzindawo sizikugwirizana. Maboma anali atasintha, ndipo misewu yambiri inali itapatsidwa mayina ena. Ankawerenga chikwangwani pakona, kuyang'ana papepala, dzina osalipeza. Anakhota pomwe ankaganiza kuti panali sitolo ya zipewa napeza malo odyera a anthu a ku Asia. Anakhotanso, nabwerera pomwe anayambira. Thukuta linayamba kutsika kumsana. Anthu omwe ankafuna kuwafunsa njira ankayenda mothamanga, timawaya tili m'makutu, ndipo awiri omwe anaima anayankha m'chilankhulo chachilendo, akumwetulira ndi kugwedeza mitu. Mtima unawauza kuti siteshoni ikadali pafupi, sitima yobwerera imanyamuka ola lililonse.

Anaima pansi pa mtengo, napinda mapu n'kuwaika m'chikwama. Kenaka anachita zomwe anachita moyo wawo wonse, kuyang'ana manambala a nyumba. Mayina a misewu amasintha, koma manambala sasuntha. Anakumbukira kuti m'misewu ikuluikulu ya mbali ino manambala amachepa munthu akamalowera kumtsinje wa Danube. Anayenda nyumba zitatu, naona kuti akuchepa, mpweya unabwerera m'chifuwa. Nyumba ya mayi Aranka anaipeza chotero, powerenga makona ndi makomo, ngati akukapereka kalata.

Inali imodzi mwa nyumba zakale zija zozungulira bwalo, zokhala ndi khonde lachitsulo pansanjika iliyonse, zovala zitayanikidwa ndi miphika ya maluwa ili mbwee. Mayi Aranka anali atatsamira pachitsulo cha nsanjika yachiwiri, atavala chovala cham'nyumba chamaluwamaluwa.

"Kodi ndiwe Piri kapena agogo ako?" anafuula bwalo lonse likumva. "Kwera kuno, wakumudzi iwe, anthu angaganize kuti ukugulitsa mazira."

Anakumbatirana pakhomo, mayi Aranka akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anawakhazika m'khitchini, nawaphikira khofi wakuda, nawadulira keke ya matcheri. Atamva kuti abwera wapansi kuchokera kusiteshoni anawaseka kuti boma linawononga zitsulo pachabe poyala njanji mumzinda muno. Koma atayamba kunena za Jolán, mawu anatsika. Anati chimuuzireni madokotala za mtima wake, munthuyo wasanduka wowerenga zizindikiro. Diresi lakuda analichotsa m'kabati. Nyuzipepala akafika patsamba la omwalira amalumpha. Mbalame itagunda pawindo lake mwezi wathawu sanagone masiku awiri. Anawalangiza kuti asakatchule matenda, asakatchule maliro, akangopereka maluwa ndi kunena mafuno abwino, zinazo zikabwera zokha ngati n'zobwera.

Mayi Piroska anawapempha kuti apitire limodzi. Mayi Aranka anamenya mawondo awo n'kunena kuti awa anapuma ntchito iwo asanapume, ndipo masitepe a kwa Jolán ndi makumi asanu ndi atatu opanda chikepe. Chaka chilichonse amangoimba foni.

"Komanso nkhaniyi ndi yanu awiri," anatero. "Ine ndikakhalapo ndikalankhula, ndipo ukundidziwa."

Ponyamuka, mayi Piroska anaona kuti adya keke ya mnzawo, amwa khofi wake, koma alowa m'nyumba chimanjamanja patatha zaka zonsezi. Nkhope inawatentha. Anamasula nyuzipepala mwachangu nasolola maluwa. Anasamala kwambiri kuti asapereke awiri kapena anayi. Anawerenga atatu, nawaika m'manja mwa mayi Aranka omwe ankakana pakamwa manja atatambasula kale. Anawerenga omwe ankapereka. Otsala sanawawerenge. Anakulunganso nyuzipepala, natsika masitepe maganizo onse ali pa mawu omwe akanene pakhomo lina lija.

Kuchoka apo njira inali yosavuta, koma mtima sunakhazikike. Anadutsa msewu waukulu momwe sitima zachikasu zamumsewu zimalizira mabelu, nadikira pamagetsi aliwonse mpaka kamunthu kobiriwira katayaka, ngakhale ena onse atawoloka kale. Anadutsa msika waukulu wadenga lamawangamawanga, fungo la tsabola wouma ndi nyama yootcha likutuluka pakhomo. Apa panali pomwe Jolán ankawagulira chitumbuwa chimodzi chotentha n'kuchigawa patatu ndi zala zake zazitali, chidutswa chachikulu n'kupatsa Piroska chifukwa ndiye anali woonda. Anafulumiza mapazi.

Mtsinje wa Danube unawatulukira mwadzidzidzi, waukulu kuposa momwe ankaukumbukirira. Mlatho wobiriwira wachitsulo unkanjenjemera sitima ikamadutsa, ndipo iwo anayenda chapakati pa njira ya oyenda pansi, osayandikira kumphepete. Achinyamata anali atakwera pazitsulo akujambulana, ndipo ngakhale anali ndi nkhawa zawo anatsala pang'ono kuuza mtsikana wina kuti atsike asanaterereke. Pakati pa mlatho anayeserera mawu awo. Ndabwera kudzakufunira zabwino patsiku la dzina lako. Anaona kuti akumveka ngati khadi losindikiza lija. Anayesa ena, nawonso sanakome. Pofika tsidya lina anali asanapeze oyenera.

Kutsidyako, komwe amati ku Buda, misewu imakwera. Anazungulira phiri la Gellért, nadutsa nyumba yomwe munali chipinda chawo cha mabedi atatu. Pansi pake tsopano panali sitolo ya mafoni, ndipo pawindo lawo panali njinga ya mwana. Sanaime. Adiresi ya mayi Jolán anali atailemba pa maenvulopu oposa mazana atatu, moti sankafunika kuyang'ana papepala. Pabelu lapansi panali dzina la bambo Vilmos mpaka pano. Mayi wina wotuluka ndi galu anawagwirira chitseko, ndipo anakwera masitepe makumi asanu ndi atatu aja akupumira pansanjika iliyonse, osati chifukwa cha kutopa.

Analiza belu. Kunamveka kukhwekhwereza kwa masilipasi, kenaka chete wautali wa munthu yemwe akusuzumira pakabowo. Tcheni chinalira, chitseko chinatseguka. Mayi Jolán anali atafupika. Anali atavala bulauzi yoyera yosita bwino, tsitsi atalikonza, ndipo kumbuyo kwawo, patebulo, panali mbale ya timabanzi tamchere ndi timatambula tingapo toyembekezera alendo. Tonse tinali touma.

"Mulungu akusunge zaka zambiri, Joli," anatero mayi Piroska.

Mwambo ndi mwambo, mayi Jolán anatambasula manja. Anamasula nyuzipepala pang'onopang'ono ali pakhomo pomwepo. Anayang'ana maluwawo. Milomo yawo inayamba kuyenda mopanda mawu, chala chikukhudza duwa lililonse. Atafika kumapeto anayambiranso. Mayi Piroska anawerenga nawo. Asanu ndi anayi kuchotsapo atatu.

"Asanu ndi limodzi," anatero mayi Jolán motsitsa. "Aranka wakuuza kuti ndatsala pang'ono, ndiye wati ufulumire? Pa maliro enieni sunabwere. Wabwera pa anga ndikadali chiimire."

Mayi Piroska anayesa kufotokoza za atatu aja, za keke, za manyazi, koma mawu anatuluka osokonekera. Anatambasula dzanja kuti achotsepo limodzi, mayi Jolán anabweza dzanjalo. Anati zowerengedwa zawerengedwa kale. Anawabwezera maluwawo pachifuwa, osati mwaukali, koma ngati munthu wochotsa chinthu chotentha m'manja. Nkhope yawo inali itatuwa ndipo ankapuma mwapamwamba. Chitseko chinayamba kutsekeka.

Mayi Piroska anaima ndi maluwa akumanda m'manja. Anaona kuti chitseko ichi chikatsekeka, chaka chamawa mwina sipadzakhala wochitsegula. Mayi Aranka anali atawaletsa kutchula maliro. Koma maluwawo anali ndi mwini wake, ndipo iwo anali asanabwererepo kunyumba ndi katundu yemwe mwini wake akudziwika.

"Vilmos ali pati?" anafunsa.

Chitseko chinaima patatsala kampata ka zala zinayi.

"Ndiuze pomwe wagona, Joli. Ndachedwa zaka khumi ndi chimodzi, koma ndikafika."

Kenaka mawu anatuluka pakampatapo, ouma ngati a munthu wowerenga adiresi. Manda a ku Farkasrét, gawo la makumi atatu ndi limodzi, mzere wachitatu, manda achisanu kuchokera panjira. Mayi Jolán anawonjezera kuti iwo sanapiteko zaka ziwiri, ndipo mwana wawo ali kunja kwa dziko. Chitseko chinatsekeka, tcheni chinalira. Sananene kuti ubwerenso.

Dzuwa linali pamutu pomwe mayi Piroska anayamba kukwera. Panali basi yopita komweko, ndipo inawadutsa kanayi, koma sankadziwa pokwerera ndi potsikira, ndiponso mumtima ankaona kuti ulendo uwu suyenera kukhala wophweka. Anafunsa njira kwa bambo wina wosesa pakhomo la sitolo, yemwe anawatcha amayi n'kuwauza kuti angokwera, akaona ogulitsa nkhata zamaluwa ndiye kuti afika. Msewu unakhota pakati pa nyumba zamipanda ndi mitengo ikuluikulu. Chidendene chakumanzere chinayamba kuwawa, kenaka kunyowa. Anakhala pabenchi, nadya buledi wawo theka, nanyowetsanso nyuzipepala pampopi wam'mbali mwa msewu chifukwa maluwa anali atayamba kuweramitsa mitu. Funso limodzi linkabwerabwera. Akabwerera adzakhala alibe duwa ndi limodzi lomwe, ndipo wopanda maluwa mwambo sumuteteza.

Manda a ku Farkasrét ndi aakulu ngati tauni, ali ndi misewu yake ndi makona ake. Apa mpamene mayi Piroska anasiya kuopa mzinda. Pakona iliyonse panali kachikwangwani ka nambala, ndipo manambalawo ankatsatana mwadongosolo. Gawo la makumi atatu ndi limodzi analipeza osafunsa munthu. Anawerenga mizere itatu, nawerenga manda asanu.

Mwala unali utakutidwa ndi zomera zoyanga mpaka dzina kubisika. M'botolo lamaluwa munali masamba owola ndi nkhono. Anavula jekete, nagwada monga amachitira m'dimba mwawo. Anazula udzu, anakadzula zoyangazo ndi manja, anatunga madzi pampopi ndi chitini chothirira chomwe chinali chitapachikidwa pamenepo, natsuka mwalawo ndi mpango wawo mpaka zilembo zitaoneka. Kumutu kunali katsamba konunkhira kamaluwa ofiirira komwe kanali katapanikizika koma kakadali moyo. Anakapalira mozungulira. Atatha anaika maluwa asanu ndi limodzi aja m'botolo, nawawerenga. Kenaka anauza bambo Vilmos, mokweza ndithu poti panalibe wina, za sitima yomwe inaima n'kunyamuka iwo atavala zakuda. Kanali koyamba kuti nkhaniyo ituluke pakamwa pawo.

Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera. Chidendene chinkayaka moto, ndipo pakona iliyonse maso ankafufuza sitolo yamaluwa. Zomwe anaona zinali za pageti la manda, ndipo duwa logulidwa pamenepo sakanalilowetsa m'nyumba ya wodwala. Anafika pakhomo paja chakumadzulo, dothi lili m'zikhadabo, siketi itada m'mawondo. Anakwera masitepe makumi asanu ndi atatu kachiwiri. Anaima pachitseko nthawi yaitali asanalize belu.

Wotsegula anali mayi Aranka, nkhope ili psuu, bandeji itazungulira bondo.

"Mbuzi iwe," anatero monong'ona. "Zaka zonsezi ukuwerenga manambala a nyumba, masamu a ana akukanika? Ndimaika maluwa aja m'madzi, ndiye ndikuti, atatu awa achoka pa angati? Ndakwera sitima ziwiri ndi mawondo awa kuti ndikutsekereze, ndapeza wapalamula kale."

Patebulo, pakati pa timabanzi ndi timatambula, panali botolo lokhala ndi maluwa atatu ofiira a m'dimba la ku Gyoma. Mayi Jolán anali atakhala pampando wa pawindo, bulangete lili pamiyendo. Sanawauze kuti alowe, komanso sanawauze kuti apite. Anayang'ana siketi yakuda dothi ija, nayang'ana manja.

"Wapezako chiyani?" anafunsa.

Mayi Piroska anaima pakati pa chipinda n'kufotokoza mwadongosolo, monga ankachitira akabwerera kupositi. Anati mwala uli chilili, sunapendekeke. Zoyanga zinali zitabisa dzina koma azichotsa. Mtengo wa manda oyandikana nawo wakula, moti masana pamakhala mthunzi. Mpopi ukutuluka madzi. Atatchula katsamba konunkhira kaja, mayi Jolán anatembenuka msanga n'kufunsa ngati kakadali moyo, chifukwa anakadzala okha ndipo ankaganiza kuti kanauma kalekale. Mayi Piroska anatambasula manja kuti anunkhize. Fungo linali likadalipo pansi pa fungo la dothi. Mayi Jolán anagwira manjawo, ndipo sanawataye msanga.

Pamenepo mayi Piroska ananena za sitima ija kachiwiri tsiku limenelo. Ananena za diresi lakuda, za masitepe atatu, za mantha a mzinda wopanda wowatsogolera. Sanadzikometsere.

"Ukanalemba zimenezo," anatero mayi Jolán. "Ndinakuyang'ana pamanda paja mpaka anthu onse atapita. Kenaka kukubwera khadi la mawu a munthu wina. Ndinati Piri, wolemba masamba anayi za nkhuku zake, pa Vilmos alibe mawu?"

"Ndinachita manyazi."

"Unali wamantha kuyambira kale. Pamlatho unkagwira malaya anga."

"Lero ndawoloka ndekha."

Mayi Jolán anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, naona magazi pa sokosi yakumanzere. Anauza mayi Aranka kuti atenge beseni pansi pa sinki ndi mchere, ndipo mayi Aranka anadandaula kuti anabwera ngati mlendo osati wantchito, koma anapita. Kenaka mwini tsiku anatambasula dzanja, natenga botolo la kachasu wazipatso, nathira m'timatambula titatu, kawo pang'ono chabe chifukwa cha madokotala.

"Vula nsapatozo," anatero, "ukundidetsera pansi."

Mayi Piroska anagona komweko, pasofa, ndipo anabwerera ku Gyoma m'mawa mwake, wapansi mpaka ku Keleti, osatulutsa mapu. Patatha sabata ziwiri, mtsikana yemwe anatenga ntchito yawo anaima pageti lobiriwira ndi envulopu ya ku Budapest. Zilembo zinali zonjenjemera, ndipo kalatayo inali yofunsa ngati chidendene chapola ndi kudandaula kuti Aranka wayamba kubwera Lachinayi lililonse ndipo sasiya kulankhula.

Tsiku la dzina lija mayi Piroska anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, ndipo anayenda makilomita khumi ndi anayi. Mayi Jolán anakhala ndi moyo zaka zina zinayi. M'zaka zimenezo mayi Piroska ankakwera sitima Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kukapalira manda a bambo Vilmos ndi kukafotokoza zomwe apezako, ndipo sanaphonye mwezi ndi umodzi womwe.